Mpunga ndi usipa: n'chifukwa chiyani makampani ena amatulutsa foni kamodzi pachaka, ena pafupipafupi?

Alamu anga amagulitsa usipa wouma. Amakapikula ku Senga Bay, nthawi zina ku Chipoka, n'kumatumiza matumba ku Lilongwe, ndipo geni yonseyi imayendera pa foni: kufunsa mitengo kunyanja, kupangana ndi dalaivala, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Foniyo itagwa pa simenti n'kusweka galasi, anandipempha kuti ndiwaperekeze pa Kamuzu Road ku Salima. Mnyamata wokonza mafoni anaitembenuza, anawerenga nambala yake, anasanthula m'madirowa, kenako anati galasi la mtundu umenewo linasiya kubwera, pokhapokha aimbire anzake ku Lilongwe akafunefune. Alamu anagwira pakamwa. "Achimwene, foni ndagula chaka chathachi, yakalamba liti?" Titalowa m'shopu imene anaigula, tinapeza kuti palibenso. Pamalo pake panali ina ya dzina lomwelo, koma nambala itakwera.

M'kabati yagalasi yomweyo munali iPhone 11 yogwirapo kale ntchito. Foni imeneyi inatuluka mu 2019, koma mtengo wake unkaposa wa mafoni angapo atsopano a m'bokosi amene anaizungulira, ndipo wokonza uja anati galasi lake ali nalo. Yakalekale ikadali ndi moyo, yadzulodzuloyi yaiwalika kale. Ndakhala ndikulingalira zimenezi, ndipo ndaona kuti yankho lake silipezeka potsegula foniyo ndi sikuludiraiva. Lili m'mene kampani iliyonse imapezera ndalama, ndiponso kuti imatulutsa katundu wake kangati.

Ife a m'mbali mwa nyanja timawadziwa anthu awiri awa. Mlimi wa mpunga wa kilombero wodalira mvula amakolola kamodzi. Chaka chonse mphamvu zake zili pa munda umodzi, ndipo mpungawo akausunga bwino sutsika msanga mtengo. Msodzi wa usipa amalowa m'madzi usiku uliwonse mwera ukalola. Zimene wapha lero ayenera kugulitsa lero kapena kuyanika, chifukwa mawa kubwera wina watsopano, ndipo phindu la pa ndowa imodzi ndi lochepa moti amapulumukira pa kuchuluka kwa ndowa. Palibe wopusa mwa awiriwa, aliyense akutsata chimene ntchito yake ikufuna. Makampani a mafoni nawonso ali choncho.

Apple, ya ku Cupertino m'dziko la America, ndiye mlimi wa mpungayo. iPhone yoyamba inatuluka mu 2007, ndipo kuyambira 2012 mafoni ake akuluakulu akhala akulengezedwa mu Sepitembala chaka ndi chaka, kupatula mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unakankhira iPhone 12 ku Okutobala. Mu Juni amaonetsa iOS yatsopano, pulogalamu yaikulu yoyendetsa iPhone, kwa olemba mapulogalamu kuti akonzekere, Sepitembala akafika foni ndi iOS zimatulukira limodzi. Mitundu yatsopano imakhala inayi kapena isanu basi pachaka, komabe kampaniyi imagulitsa mafoni oposa 200 miliyoni.

Nanga imakwanitsa bwanji kukhala chete miyezi yonseyi anzake akuchita phokoso? Choyamba, Apple imadzilembera yokha pulani ya pulosesa, ubongo wa foni, kuyambira pa A4 ya mu 2010. Mapulosesawo amapangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan, ndipo mafoniwo amalumikizidwa m'mafakitale a makampani ngati Foxconn ku China ndi ku India. Pulosesa yatsopano imatenga zaka kuikonza ndipo imadya ndalama zoopsa, si chinthu choti mungasinthe miyezi itatu iliyonse. Kenako pali nkhani ya kupikula. Munthu wobwera kudzatenga matumba 500 a usipa salankhula ngati wodzagula ndowa imodzi: amasankha woyamba, amanenerera mtengo, ndipo asodzi amamusungira wabwino. Kampani imene ikufuna magalasi mamiliyoni ankhaninkhani a saizi imodzi imachita chimodzimodzi ndi opanga magalasi, makamera ndi mabatire. Nthawi yakenso inasankhidwa mwadala. Foni ikatuluka mu Sepitembala imapezana ndi nyengo ya Khirisimasi ku America ndi ku Ulaya, ndipo miyezi ya Okutobala mpaka Disembala ndi imene Apple imakolola kwambiri. Popeza dziko lonse limadziwa mwezi wake, manyuzipepala ndi anthu a pa YouTube amayamba kuikamba isanatuluke, kuinenerera kwaulere.

Yatsopano ikabwera, ya chaka chatha sichotsedwa m'sitolo. Amaitsitsa mtengo, kawirikawiri ndi madola 100, n'kukhala yotsatira pa makwerero. Anthu a kumeneko akagula yatsopano amabweza kapena kugulitsa yakale, ndipo mafoni amenewo amayenda ulendo wautali kudzera m'misika ngati ya Hong Kong, Dubai ndi Johannesburg mpaka kudzagona m'kabati ya pa Kamuzu Road. Apple ilibe sitolo yakeyake mu Africa muno monse. Ife iPhone timaidya ngati kaunjika, itavalidwapo kale ndi ena.

Kukolola kamodzi kuli ndi msampha wake. Mnzako akabwera ndi nzeru yabwino mu Malichi, iwe uyembekezera Sepitembala, mwinanso zaka. Samsung inatulutsa Galaxy Note ya sikirini yaikulu mu 2011, Apple inadzafika pa saizi zoterozo mu 2014 ndi iPhone 6 Plus. Nkhani imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya ma SIM awiri. Kwa ife amene timasunga TNM ndi Airtel limodzi, chifukwa netiweki ina imagwira pa boma ina n'kumagwira bwino kumudzi, komanso mabandulo amasiyana mitengo, foni ya malaini awiri ndi yofunika ngati mchere. iPhone inayamba kulola malaini awiri mu 2018, pamene kuno tinali titazolowera kalekale. Kampani yopanga mitundu inayi ya dziko lonse imayang'ana kaye kumene kuli ndalama zambiri, ndipo kumeneko si ku Khombedza kapena ku Thavite.

Tsopano tiyeni kwa msodzi wa usipa, amene ndiye watidyetsa ambirife. Tecno, itel ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, imene inayamba mu 2006. Mwini wake woyambitsa, Zhu Zhaojiang, anasankha kusalimbana ndi zimphona za kwawo, n'kulunjika ku Africa. Anatsegula fakitale ku Ethiopia mu 2011, ndipo lero pafupifupi theka la mafoni amakono ogulitsidwa mu Africa ndi a nyumba imeneyi. Taonani mayendedwe a banja limodzi lokha la Tecno: Spark 10 inatuluka kumayambiriro kwa 2023, Spark 20 kumapeto kwa chaka chomwecho, Spark 30 mu 2024. M'badwo uliwonse uli ndi abale ake, wina wa C, wina wa Pro, nthawi zina wa Pro+, pambali pali Spark Go. Kuwonjezera apo pali Camon, Pop, Pova ndi Phantom. Infinix nayo ili ndi Hot, Note, Smart ndi ena. Xiaomi, kampani inanso ya ku China, imachita zomwezo pa mafoni ake a Redmi ndi Poco. Mwezi sungathe popanda bokosi latsopano kwinakwake.

Munthu angafunse kuti mainjiniya ake ndi amatsenga kodi, kuti azipanga foni yatsopano mwezi ndi mwezi pamene Apple imatenga chaka? Ayi. Chinsinsi chake n'chakuti zambiri za mkatimo si zatsopano. Pa mafoni otsika mtengo, makampaniwa sapanga okha pulosesa. Amagula kwa MediaTek ya ku Taiwan, Unisoc ya ku China kapena Qualcomm ya ku America, ndipo ogulitsa pulosesawo amaperekanso pulani ya m'mene bolodi yonse ingayalidwire. Palinso mafakitale ngati Huaqin ndi Longcheer amene ntchito yawo ndi kulemba pulani ndi kupangira makampani ena mafoni, eni dzina n'kungosankha maonekedwe ndi kuikapo chizindikiro chawo. Ku Shenzhen opanga magalasi, mabatire, makamera ndi zikamba zapulasitiki ali moyandikana ngati mabenchi a mumsika, choncho kusintha chovala cha foni ndi nkhani ya miyezi yochepa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi pulosesa ya MediaTek yotchedwa Helio G85. Inatuluka mu 2020 ndipo inali mu Redmi Note 9 chaka chomwecho. Patapita zaka zitatu, mu 2023, inapezekanso mu Redmi 13C, mu Tecno Spark 20 ndi mu Samsung Galaxy A05. Mu 2024 inalowanso mu Galaxy A06. Makampani atatu, zaka zinayi, mabokosi osiyanasiyana olembedwa kuti chatsopano, koma ubongo umodzi. Sindikunena kuti uku ndi kuba. Pulosesa yakale imatsika mtengo, ndipo n'chifukwa chake zimene zinali m'foni ya pakatikati mu 2020 zinadzafika m'manja mwa mphunzitsi wa pulayimale ndi wa kabaza patapita zaka. Koma wogula ayenera kudziwa kuti nambala ikakwera pa bokosi sizitanthauza kuti mphamvu nayo yakwera. Nthawi zambiri chasintha ndi kumbuyo kwa foni, kakhalidwe ka makamera, kukula kwa memory, mwina ndi liwiro la chaja.

Ndiye amavutikiranji kusintha dzina pafupipafupi? Apa m'pamene pagona nkhani. Pa foni yotsika mtengo kaphindu kake ndi kochepa kwambiri, choncho kampani iyenera kugulitsa zambiri, ndipo kuti igulitse zambiri iyenera kukhala ndi foni pa mtengo uliwonse umene munthu angafike nawo pakhomo la shopu. Wabwera ndi ndalama za thumba limodzi la mtedza apeze yake, wa matumba atatu apeze yake, wolandira malipiro ku fakitale ya shuga apeze yake. Pakakhala mpata pakati pa mitengo, mpikisano amalowa pomwepo.

Palinso nkhondo ya malo m'kabati. Kabati ya shopu imanyamula mafoni owerengeka. Ngati ambiri mwa iwo ali a nyumba imodzi, kasitomala wokana Tecno n'kusankha Infinix, kapena wochepekedwa ndalama n'kutsikira pa itel, ndalama zake zapitabe ku Transsion. Kuchuluka kwa mayina kumatsekereza ena kuti asapeze poima. Ndiye pali mawu amene aliyense wogulitsa mafoni amawamva tsiku ndi tsiku: "Yatsopano ndi iti?" Kampani imene ilibe mwambo wa Sepitembala woti dziko lonse liziudikira iyenera kudzipangira yokha phokoso, ndipo njira yachidule ndi nambala yatsopano, chikwangwani chatsopano, kava yatsopano.

Chifukwa china sichioneka kwa ogula. Mitengo ya zipangizo za mkati, makamaka memory ndi magalasi, imakwera n'kutsika chaka chisanathe. Ikatsika, kampani siikonda kutsitsa mtengo wa foni imene ili kale pamsika, chifukwa ikatero ogulitsa amene anapikula pa mtengo wakale aluza ndipo adandaula. Imangotulutsa ina ya memory yokulirapo pa mtengo womwewo. Ikakwera, imatulutsa ina yochotsedwa kanthu kena pang'ono kuti mtengo usasunthe. Dzina latsopano limakhala njira yosinthira mtengo popanda kunena kuti tasintha mtengo.

Ndisabise, liwiro limeneli latichitira zabwino zambiri, ndipo amene amanyoza mafoni amenewa amaiwala kumene tachokera. Kampani yotulutsa pafupipafupi imaphunzira msanga. Transsion inamva kuti magetsi amathimathima ndipo ambiri amatchajitsa pa sola kapena pa benchi ya kumsika, n'kuika mabatire a 5000 mAh ngakhale m'mafoni otsikitsitsa. Inaona kuti makamera a makampani ena ankatijambula ngati mithunzi, nkhope osaoneka, n'kukonza makamera ake kuti azigwira bwino khungu lakuda. Inaika sipika yofuula, wailesi ya FM, malo a memory khadi, ndi malaini awiri. Zonsezi zinabwera chifukwa wina anali ndi mpata woyesa chinthu lero, kuona ngati chagulidwa, n'kukonza pa mtundu wotsatira miyezi yochepa chabe. Mayi wogulitsa tomato ku Lifuwu amene lero amatumiza chithunzi cha katundu wake pa WhatsApp sakanadikira kuti iPhone itsike mtengo mpaka kumufika.

Koma walira mvula walira matope. Matope oyamba ndi a mapulogalamu, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ambiri sawaona mpaka atawaterera.

Foni sithera pa tsiku logula. Android, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni imene ili m'mafoni athu ambiri, ndi ya Google, ndipo mwezi uliwonse Google imalengeza ziboo zimene zapezeka, zoti akuba a pa intaneti angalowerepo, pamodzi ndi zigamba zake. Zigambazo sizibwera molunjika kwa inu. Zimadutsa kwa wopanga pulosesa, kenako kwa mwini dzina la foni, amene ayenera kuzisokerera pa mtundu uliwonse payokhapayokha, kuyesa ngati kamera ndi netiweki zikugwirabe, kenako n'kutumiza. Ntchito imeneyi imafuna anthu olipidwa. Kampani ya mitundu inayi pachaka, imene imapeza phindu lalikulu pa foni iliyonse, ingasamale ana akewo zaka zambiri. iPhone 11 ija ya mu 2019 inalandira iOS 26 mu 2025. Koma kampani ya mitundu makumimakumi pachaka, imene pa foni iliyonse yapezapo kangachepe, ikati isamale yonse kwa zaka zisanu, mainjiniya ake angakhale akusenza mitundu mazana nthawi imodzi. N'chifukwa chake mafoni ambiri otsika mtengo akhala akulandira Android yatsopano kamodzi kokha, ena osalandira n'komwe, ndipo zigamba za chitetezo zimasiya kubwera foni ikadali yolimba m'manja. Bambo wa ana ambiri wopanda munda waukulu amayang'ana wakhanda, akuluwo azidzionera okha.

Wina anena kuti ine ndimangoimba ndi kutumiza ndalama, update ndi ya chiyani, imangondithera bandulo. N'zoona kuti *211# ndi *444# zimagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Koma foni lero ndi chikwama. Muli pulogalamu ya banki, muli zithunzi za chiphaso, muli mauthenga a makasitomala. Foni yosalandira zigamba ili ngati nyumba imene loko wake akuba anamudziwa kale katsegulidwe. Ndiponso mapulogalamu amene timadalira amasiya pang'onopang'ono kugwira pa Android yakale. WhatsApp inasiya mafoni osafika pa Android 5.0 mu Okutobala 2023, ndipo mzere umenewu udzapitirira kukwera. Tsiku limenelo likafika, foni yoyaka bwinobwino, ya batire labwino, imasanduka tochi ndi wailesi.

Matope achiwiri ndi amene anatitengera pa Kamuzu Road. Wokonza mafoni wa pa benchi ali ndi mpamba wochepa, sangasunge magalasi a mitundu yonse. Abale a m'badwo umodzi, wa C ndi wa Pro, kawirikawiri galasi lawo sililowana, ngakhale maina akufanana. Ndiye amasunga a mitundu imene inagulidwa kwambiri, ndipo amene amaoda katundu ku Dar es Salaam kapena ku China amachitanso chimodzimodzi. Foni imene inadutsa pamsika miyezi yochepa, n'kulowedwa m'malo isanafale, imasowa masipeya msanga. Transsion inaliona vutoli ndipo ili ndi nthambi yokonza mafoni ake yotchedwa Carlcare m'maiko ambiri a mu Africa, koma malo otere amakhala m'mizinda ikuluikulu. Munthu wa ku Chipoka amayamba wawerengera thiransipoti ndi tsiku lotayika. iPhone, ngakhale ili ya anthu ochepa kuno, mtundu wake umodzi unagulidwa ndi anthu mamiliyoni ambirimbiri padziko lonse, choncho opanga magalasi olowa m'malo amapitiriza kuwapanga zaka ndi zaka.

Wa shopu nayenso ali ndi mtanda wake. Akaoda mafoni 20 lero, miyezi ingapo ikadutsa chikwangwani chatsopano chafika, ndipo otsala m'kabati asanduka akale ngakhale ali m'pulasitiki yawo. Kumaiko kumene ndalama yawo ndi yokhazikika, foni yotere imatsika mtengo ndipo wogula wodekha amapindula podikira. Kuno masamu amenewa amasokonekera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikuvuta kupeza. Foni imene pa dola yatsika, pa kwacha imatha kuima pomwepo kapena kukwera. Wa shopu sangagulitse motchipa katundu wakale podziwa kuti pokaoda wina akalipira zambiri. Choncho ife timalandira kuipa kwa liwiroli, kukalamba msanga kwa foni, koma ubwino wake wa kutsika kwa mitengo umatiphonya nthawi zambiri. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amavutika kwambiri ndi amene anasonkha ndalama miyezi yambiri ku banki m'khonde kuti agule foni imodziyo.

Samsung ya ku South Korea imalima mpunga uku ikupha usipa. Galaxy S, foni yake yapamwamba imene inayamba mu 2010, imatuluka kamodzi kumayambiriro kwa chaka. Mafoni opindika a Fold ndi Flip amabwera pakati pa chaka, iPhone isanatuluke. M'kati monsemo mumagwa mitundu ya Galaxy A ndi M, imene ndi imene timaiona kwambiri kuno. Ikutha kutero chifukwa ndi chimphona chimene chimadzipangira chokha magalasi ndi memory, mpaka kugulitsako kwa Apple.

Amene anayesa kuthamangitsa foni yapamwamba yeniyeniyo anapsa zala. Sony inatulutsa Xperia Z kumayambiriro kwa 2013, Z1 mu Sepitembala chaka chomwecho, Z2 kumayambiriro kwa 2014 ndi Z3 mu Sepitembala 2014. Munthu wolipira ndalama zambiri ankapeza kuti pakatha miyezi 6 foni yake yapitiriridwa, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa. Sony inadzasiya mchitidwewu. OnePlus 3, ya kampani ya OnePlus ya ku China, inatuluka mu Juni 2016, ndipo pofika Novembala 3T inali italowa m'malo mwake, ogula oyambirira n'kudandaula. Chaka chomwecho Samsung inatulutsa Galaxy Note 7 mu Ogasiti, iPhone 7 isanabwere. Mabatire ake anayamba kuyaka moto, makampani a ndege anaikaniza, ndipo pofika Okutobala foniyo inathetsedwa. Kuthamanga sikufika, makamaka pa katundu wodula amene mwini wake akufuna kumva kuti ali ndi chapamwamba kwa chaka chathunthu.

Komabe tisaipange Sepitembala kukhala yopatulika. Kamodzi pachaka nakonso n'kalendala ya amalonda, si kuti sayansi imabala chatsopano miyezi 12 iliyonse. Zaka zino kusiyana kwa foni ya chaka chino ndi ya chaka chatha kwachepa kwambiri, ndipo anthu padziko lonse akusunga mafoni awo nthawi yotalikirapo kusiyana ndi kale. Mu 2017 Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la ma iPhone a mabatire otopa, ponena kuti inkateteza kuti asamazime mwadzidzidzi, ndipo mu 2020 dziko la France linailipiritsa ma euro 25 miliyoni chifukwa chosauza ogula. iPhone yoikidwa galasi kapena batire losakhala la eni ake imalemba chenjezo, zimene zimavutitsa okonza a pa benchi. Yakaunjika imatha kufika ndi batire lotha, kapena yokhomedwa ndi iCloud, akaunti ya Apple ya mwini wake wakale, ndipo yotereyo ndi mwala. Ku Amsterdam kuli kampani yaing'ono ya Fairphone imene imatulutsa foni pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, mu 2019, 2021, 2023 ndi 2025, ndipo batire ndi galasi lake munthu amasintha yekha kunyumba. Kuno siifika, koma imaonetsa kuti ngakhale chaka chimodzi ndi chosankha chabe.

Malire a magulu awiriwa ayambanso kufufutika. Apple inatulutsa iPhone 16e mu Febuluwale 2025, kunja kwa nyengo yake, monga inachitira ndi iPhone SE mu 2016, 2020 ndi 2022. Mbali ina, mpikisano wayamba kusamukira pa zaka za chisamaliro. Google inalonjeza zaka 7 za ma update pa foni yake ya Pixel 8 mu 2023, Samsung inatsatira ndi zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, ndipo Galaxy A16, imene ili m'gulu lotsika mtengo, inalonjezedwa zaka 6. Ku European Union, kuyambira pa 20 Juni 2025, lamulo likuti foni yogulitsidwa kumeneko iyenera kulandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene mtunduwo wasiya kugulitsidwa, masipeya ake azipezeka kwa zaka 7, ndipo batire lizisungabe 80 peresenti ya mphamvu zake litatchajidwa maulendo 800. Lamulo lotere limapangitsa kuti mtundu uliwonse watsopano ukhale ngongole ya zaka zambiri kwa kampani, ndiye aliyense wofuna kutulutsa mitundu 40 ayamba waganiza kawiri.

Lamulolo silifika kuno, ndipo mafoni ambiri opangidwira msika wathu sapita ku Ulaya n'komwe. Sindikupempha kuti tikopere zonse za kumeneko, chifukwa zingakweze mitengo mpaka alamu anga kubwerera ku kafoni ka mabatani. Chimene ndikanakonda n'chaching'ono: MACRA, imene imavomereza zipangizo za mauthenga zolowa m'dziko muno, pamodzi ndi bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, atalamula kuti pa bokosi lililonse pazilembedwa poyera chaka chimene foniyo inatuluka ndi chaka chimene idzasiye kulandira ma update. Pa paketi ya mkaka timawerenga tsiku lothera ntchito. Foni imene munthu wagulitsira mbuzi zake ikuyenera chimodzimodzi.

Galasi la alamu linafika pa minibasi yochokera ku Lilongwe patatha masiku 9. Masiku onsewo ankayendera kafoni ka mabatani kobwereka, ndipo makasitomala awiri amene ankafuna kuona chithunzi cha usipa asanatumize ndalama anakagula kwina. Pamene wokonza uja ankamata galasilo, alamu anamufunsa kuti, "Achimwene, ikadzafa iyi, ndidzagule iti yoti musadzandiuzenso kuti kulibe?" Mnyamatayo anaika foni pansi, anakoka dirowa ya pansi penipeni, n'kutulutsa mitolo itatu ya magalasi omangidwa ndi labala. Anawawerengera maina a mitundu itatuyo, yonse ya chaka chatha ndi dzana lake, ndipo alamu anailemba kuseri kwa kope lawo la ngongole za usipa.